Ma Tory adzadzukanso, poti owavotera ndi agogo okhaokha?

Wakuleeds:
Abale ndithandizeni kumvetsa. Mu 2019 kuno ku UK Conservative (ndiye ma Tory amenewo) inawina mipando ya ma MP 365 ndi Boris Johnson, kufika 2024 yatsala ndi 121 basi. Ku care home komwe ndimagwira agogo ambiri ndi a Tory enieni, mayi wina amati chiyambire nthawi ya Thatcher sanachongepo chipani china, koma adzukulu awo akabwera kudzawaona Lamulungu safuna ndi kumva komwe dzinalo. Ndiye agogowa akatisiya chipanichi chidzatsala ndi ndani?

Malume_Luton:
Achimwene, kale zinkayenda chonchi: uli mnyamata umavotera Labour, ukakula wagula nyumba wayamba kudandaula misonkho, basi umapezeka uli ku Tory osadziwa. Ndiye agogo akamwalira ena amalowa m'malo. Pano nyumba agula ndani? Munthu zaka 35 akadali pa lendi, malipiro angolowa landlord wadikira kale pakhomo, ndiye umuuze avotere anthu amene nkhani yawo ndi penshoni ya agogo? Anthu akukula ndithu koma sakusamuka chipani, bvuto lagona pamenepo.

Nachisale22:
Koma si achinyamata okha amene anawagwetsa. Chipani cha Reform cha Nigel Farage chinatenga mavoti opitirira 4 miliyoni, mipando 5 yokha, koma ambiri anali anthu a Tory omwe. Kuno kuvota kwake ndi ngati kwa ma MP kwathu, amene watsogola watenga, ndiye mukagawana mavoti wina amangodutsa pakati. Kumwera kwa England chipani cha Lib Dems nacho chinawabudula, chinafika mipando 72 dziko lonse. Ngakhale Liz Truss, wa Tory amene anakhalapo Prime Minister, mpando unapita kkkk.

Wakuleeds:
Nanga ife obwerafe? Poti a Commonwealth timavota.

Malume_Luton:
Timavota inde, ndipo asamatiwerengere ku Labour tonse ayi. Ku Leicester East, komwe kuli amwenye ambiri, a Tory analanda mpando mu 2024 momwemo anzawo akugwa paliponse. Kutchalitchi kwathu mukamva anthu akukamba za banja ndi kalere ka ana mungati ndi a Tory onse. Koma chipani chomwecho mu March 2024 chinaletsa ma care worker kubweretsa mabanja awo. Mlamu wanga anabwera lamuloli litayamba kale, ana ake awiri ali kwa agogo awo ku Ntcheu amangowaonera pa WhatsApp. Mupite mukamuuze kuti Kemi Badenoch, amene ma Tory anamusankha kukhala mtsogoleri wawo mu 2024, anakulira ku Lagos, muone mmene akuyankhireni.