Thandizeni: driver ya Wi-Fi ikumagwetsa kernel poyatsa makina

Wosatchula dzina: Akuluakulu, ndasowa mtengo wogwira. Ndinapatsidwa driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya Wi-Fi ya pa Linux imene inalembedwa ndi mnzanga wina amene anasiya ntchito osalembamo ndemanga ngakhale imodzi, ndipo abwana akundifunsa tsiku lililonse ngati kuti wolakwa ndine. Ndikayatsa makina kakhumi, mwina kawiri kernel (phata la Linux) imagwa ndi uthenga wa NULL pointer dereference (kufuna deta pa adiresi yopanda kanthu), koma ndikangoika printk (lamulo lolemba uthenga mu log ya kernel) kuti ndione pamene pakuvutira, vutolo limazimiririka. Ino ndi sabata yachitatu ndisakugona bwino.

Mphangwe: Achimwene, gwero la zonsezi ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha C. Kuyambira Linux 6.1 mu 2022, kernel inayamba kulandira chiyankhulo cha Rust, koma anthu mukukakamirabe zakale. Lembaninso driver yonse, basi.

Nachisale: A Mphangwe, munthuyu akufuna thandizo la lero. Inu ofunsa, simunatiuze mtundu wa chip, kernel imene mukugwiritsa ntchito, ngakhale mizere ya dmesg (mauthenga amene kernel imalemba). Komabe imeneyi ndi race condition, kutanthauza kuti mbali ziwiri za pulogalamu zikupikisana pa deta imodzi, ndipo printk ikungochedwetsa mbali imodzi kotero kuti inayo imapeza mpata womaliza. Onani mu probe (gawo la driver loyambitsa chipangizo) ngati request_irq, imene imalembetsa interrupt handler (code yoyankha chip ikaitana), ikuitanidwa ma buffer (malo osungira deta) asanakonzedwe, chifukwa interrupt (kuitana kwa chip) ikhoza kufika nthawi yomweyo.

Kadzidzi: Ine zinandionekerapo. Ndinaika msleep (lamulo lodikiritsa) ya mamilisekondi 100 ndipo ndinakondwera miyezi iwiri, mpaka tsiku limene driver inaikidwa pa makina othamanga kwambiri n'kuyamba kugwanso pamaso pa kasitomala. Manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Mphangwe: Ndi zimene ndikunena zija! Ngati Rust mukuiopa, ikani mutex (loko yoteteza deta) paliponse pamene pali deta yogawana.

Nachisale: Ayi bambo, musasocheretse anthu. Mutex imatha kugoneka thread (kuimitsa kaye ntchito imene ikuyenda), choncho siloledwa mkati mwa interrupt handler. Kumeneko pamafunika spinlock, loko imene sigoneka thread.

Mphangwe: Mayi, ine ndinayamba kulemba code inu musanadziwe n'komwe kompyuta. Zimene mukundiuzazo ndi za m'kalasi yoyamba.

Mlonda: Mkangano ukuphimba mfundo. Ngati firmware (pulogalamu ya mkati mwa chip) ikubwera kudzera mu request_firmware_nowait, callback yake (code yolandira firmware) imachitika pambuyo pake, mwina probe itatha kale. Ndiye ieee80211_register_hw (yolembetsa chipangizo cha Wi-Fi) ikaitanidwa msanga, NetworkManager (pulogalamu yoyang'anira netiweki) ikhoza kudzutsa interface ya Wi-Fi firmware isanalowe mu chip. Yesaninso kuyatsa ndi maxcpus=1 (CPU imodzi yokha) muone ngati kugwako kukuchepa, ndipo m'malo mwa printk gwiritsani ntchito trace_printk, imene sichedwetsa kwambiri.

Kadzidzi: Palinso KCSAN, chida chofufuzira mipikisano yotereyi pa deta, imene inalowa mu Linux 5.8, ngakhale ine sindinapirire nayo chifukwa makina anga ankayenda mwaulesi.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Abwana angondiuza kuti akufuna zonse zitatheka pofika Lachisanu. Kodi ndiyambe ndi mutex ija kapena msleep?

Nachisale: Yambani ndi kutitumizira dmesg pamodzi ndi probe yonse, chonde.