Zitenje 14 zili patebulo koma dzanja likukana sizasi: anzanga a ADHD, mumayamba bwanji ntchito?

Telala wa ku Ndirande:

Anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndine mayi wa zaka 36, ndimasoka pakhonde la nyumba yanga. Lolemba kunabwera amayi ndi zitenje 14 za yunifolomu ya chinkhoswe. Onse ndinawapima, miyezo ili m'kope, dipoziti anatumiza kale pa Mpamba. Chinkhoswecho chili Loweruka la sabata yamawa. Lero Lachisanu, sindinadule ngakhale mkono umodzi wa bulauzi.

Sikuti ndikumagona ayi. Ndimadzuka 5 koloko. Lachiwiri ndinathira mafuta makina, ndikusanja ulusi wonse motsata mitundu. Lachitatu ndinachapa makatani oyerayera. Dzulo ndinayala chitenje choyamba patebulo, choko kumanja, tepi m'khosi, ndinaima pomwepo mpaka ana anaweruka kusukulu. Mtima uli phaphapha, m'mutu ndikudziuza kuti dula, dula, koma mkono uli gwa ngati wina waugwira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchitoyi ndimaikonda, ndipo ndimaidziwa. Ikangoyambika sindiimanso, kudya ndimaiwala, ndiwo zimapserera pambaula. Koma imayambika usiku woti mawa lake mwini nsalu akubwera. Mu Disembala magetsi anathima, ndinamalizitsa diresi la mwini ukwati pa makina opalasa, tochi ya foni nditaluma kukamwa. Mpendero unakhota. Mayiyo sanandinene kanthu, anangolipira, koma sanabwerenso.

Mu 2019 ndili ku Johannesburg dokotala anandipeza ndi ADHD, vuto la muubongo limene limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kulongosola zochita zake. Ankandipatsa mankhwala otchedwa methylphenidate, ndipo kumeneko kalata ya mankhwalawa imakhala ya masiku 30 okha, mwezi uliwonse kukatenga ina. Ankandithandiza ndithu. Nditabwerera kuno mu 2022 ndinasiya. Apongozi anga amati ndi ulesi. Abambo akunyumba, mwachikondi ndithu, amati "ingoyambani basi." Sakunama, koma kuyambako ndiye matenda angawo. Inu amene muli ndi vutoli, m'mawa mumatani kuti dzanja ligwire?

Wa ku Leeds:

Achemwali, ndawerenga ngati mukunena za ine. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, usiku. Kuntchito sindivutika chifukwa belu likalira umathamanga, palibe zoganiza. Koma fomu ya masamba atatu inakhala pamwamba pa fuliji miyezi iwiri. Ndili pamndandanda wodikira kuyezedwa ADHD ku NHS, zipatala za boma za kuno ku England, ndipo kuno kudikirako kumatha zaka, ndiye ndinayamba kudzipezera njira.

Choyamba, lekani kudziuza kuti "lero ndisoka yunifolomu." Mutu ukamva choncho umaona madiresi 14 nthawi imodzi, zipi, layining'i, amayi 14 odzayesa, n'kuuma. Chotsani zitenje 13 mukazitsekere kuchipinda. Patebulo patsale chimodzi, ndipo ntchito yake ikhale kujambula mzere umodzi ndi choko. Mzere umodzi basi. Tcherani foni mphindi 10, ikalira muli ndi ufulu wosiya. Ine kawirikawiri ikamalira ndimakhala nditalowa kale, sindifunanso kusiya.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo chinandithandiza koposa: musamaweruke ntchito itathera pabwino. Siyani nsalu ili pansi pa singano, msoko uli pakati. M'mawa simukhala mukuyamba, mukhala mukupitiriza, ndipo kupitiriza inu mwanena nokha kuti sikukuvutani.

Fomu ija ndinadzaza msuweni wanga ali pa vidiyo ya WhatsApp, iye akusenda mbatata ku Zomba, osayankhulana n'komwe. Kuno amati body doubling. Zinanditengera mphindi 20.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:

Mwanangu, ndivomere kuti nditayamba kuwerenga ndinali mbali ya apongozi anu. Ife tinakula tambala akalira khasu lili paphewa, za zilembo zinayizi sitinkazidziwa. Koma nditafika pomwe mwati munaima ndi choko mpaka ana kuweruka, ndinasintha maganizo. Waulesi saima tsiku lonse mtima ukumugunda. Waulesi amayala mphasa pamthunzi, mtima uli m'malo.

Ndaphunzitsa zaka zoposa 30. Ndikukumbukira ana anzeru amene ankayankha bwino pakamwa, koma ukati lembani chimangirizo amasongola pensulo mpaka kutha. Ena ndinawakwapula. Lero ndikaganiza zimandipweteka mumtima.

Zimene akunena achimwene a ku Leeds si zachilendo kwathu. Kumudzi munda ukamulaka munthu ankaphika thobwa kapena kufulula mowa n'kuitana dima. Pamtondo amayi ankasinja awiri kapena atatu, misi ikulandizana, nyimbo ili pakamwa. Kuzira nyumba, kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, zonse zinali za pagulu. Munthu sankayamba yekha, ankangolowa m'ntchito yoyamba kale. Mwina anthu onga inu analipo ambiri, koma gulu linkawanyamula osadziwika. Tsopano inu muli pakhonde nokha ndi makina. Kodi palibe mtsikana wapafupi wofuna kuphunzira kusoka? Abwere 7 koloko, akhale pampando, azikugwirirani nsalu. Iye apindula, inunso mupindula. Ndipo apongozi anuwo musakangane nawo, apempheni adzakhale nanu m'mawa umodzi akusankha nyemba zawo. Adzaona okha.

Namwino wa ku Lilongwe:

Mayi, ndiwonjezereko za kuchipatala. ADHD simangokhala ya ana othamangathamanga m'kalasi. Ambiri amakula nayo, ndipo atsikana amaphonyedwa kawirikawiri chifukwa ena sasokosa, amangokhala phee maganizo ali kutali. Poyeza munthu wamkulu madokotala amafunsa ngati zizindikiro zinalipo asanakwanitse zaka 12, komanso ngati zimaoneka m'malo angapo, osati kuntchito kokha.

Chimene mukufotokozachi chimakhudza mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imakonza ndondomeko, kusankha choyambira ndi kumudzutsa munthu kuti achite. Mauthenga kumeneko amayenda mothandizidwa ndi makemikolo a muubongo otchedwa dopamine ndi noradrenaline. Kwa munthu wa ADHD, kudziwa kuti chinthu n'chofunika sikukwanira kumuyambitsa. Chimamuyambitsa ndi chinthu chatsopano, chokoma kuchita, kapena changu. N'chifukwa chake usiku womaliza mumasoka ngati makina a fakitale: mantha akugwira ntchito imene ubongo unalephera kugwira Lolemba. Koma kukhalira mantha kumatopetsa thupi, ndipo manyazi a dzulo amalemeretsa sizasi ya lero. Methylphenidate imachititsa kuti dopamine ndi noradrenaline zikhalitseko pakati pa maselo a ubongo, n'chifukwa chake munkaona kusintha.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Musamwe mankhwala a munthu wina kapena otumizidwa ndi apabasi popanda dokotala, chifukwa amatha kukweza BP ndi kugunda kwa mtima, kuchotsa chilakolako cha chakudya ndi kusowetsa tulo, ndiye pamafunika wokuyang'anirani. Komanso kayezetseni. Kuchepa kwa magazi, kusagona mokwanira, nkhawa ndi matenda okhumudwa zimakulitsa vuto lomweli, ndipo zimatha kukhalira limodzi ndi ADHD. Muli pafupi ndi Queen Elizabeth, kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndi St John of God ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe. Mapepala anu a ku Johannesburg ngati alipo atengeni, ngakhale kabokosi kakale ka mankhwala. Kupita kumeneko si misala, musalole kuti dzinalo likuopsezeni.

Telala wa ku Ndirande:

Zikomo nonse. Aphunzitsi, mawu anu akuti waulesi saima mtima ukumugunda ndinawawerenga katatu, misozi ili m'maso. Kuyambira ndili sitandade 4 ndakhala ndikudzitcha waulesi.

Lero Loweruka. Usiku ndinachotsa zitenje 13 monga ananenera achimwene a ku Leeds, ndinaziika musutikesi pansi pa bedi. M'mawa ndinaitana mwana wa aneba, mtsikana amene walemba Fomu 4 chaka chino. Ndinamuuza kuti angokhala azindiwerengera miyezo ya m'kope. Atangoti "chifuwa 38," dzanja linapita lokha pansalu. Pofika 11 koloko tinali titadula anayi. Atapita kukadya ndinaimanso, sindibisa, pafupifupi ola lonse ndikungotembenuza bobini m'manja, mpaka anabwerera. Ndiye ndaona kuti kwa ine za foni ya mphindi 10 sizikugwira kwenikweni, chikugwira ndi munthu. Tagwirizana kuti azibwera m'mawa uliwonse mpaka Lachisanu, ine ndimuphunzitsa kuika zipi.

Diresi lachisanu ndalisiya pansi pa singano, msoko wa m'mbali uli pakati.

Anamwino, mapepala aja ndawapeza m'chikwama cha pasipoti. Koma kupita kuchipatalako nakonso ndi kuyamba, ndipo ndikudzidziwa. Ndapempha mng'ono wanga kuti chinkhoswe chikadutsa, Lolemba lake adzandigogodere 6 koloko tikwere minibasi limodzi. Kodi ndiyambire kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno kuti andilembere kalata, kapena ndingopita ndi buku langa la kuchipatala?