Za tiana ta mphaka tija ta ku Ulongwe wa ku Angónia, ku Mozambique

Anzanga, paja ndinafunsa ngati ndingatipatse mkaka wa ng'ombe tiana ta mphaka timene ndikusunga limodzi ndi make mpaka titapeza otitenga. Zikomo inu amene munandiletsa, mkakawo umatitsegula m'mimba. Ndinangomuonjezera usipa makeyo, mawere anadzaza.

Chovuta chinali chisanu cha kuno ku Angónia. Kamwana kosakwana milungu 4 sikatha kudzitenthetsa thupi, ndiye usiku ndinkaika m'katoni mwawo botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje.

Pano tayamba kunyambita chakudya chofewa m'mbale. Aneba akufuna kamodzi koti kazigwira makoswe m'nkhokwe, koma ndawauza adikire milungu 8 ikwane, ndipo asadzaiwale katemera wa chiwewe pa miyezi 3. Make ndikufuna adokotala a ziweto amutseke asaberekenso. Amene mukudziwa kopita mumzinda wa Tete, ndiuzeniko.