Thandizeni nzeru: tigule pass ya sitima kapena tizigula tikiti pa ulendo uliwonse ku UK?

Abale anga pagulu pano, makamaka inu amene muli ku UK kapena munapitako ndi ana, ndithandizeni. Ndili ku Ntcheu. Mng'ono wanga akumaliza maphunziro ku Leeds mwezi wa July ndipo watiitana ku mwambo wake. Opita ndife asanu: ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri, wa zaka 13 ndi wa zaka 7, komanso amayi athu a zaka 68. Tidzatera pa bwalo la ndege la Heathrow ku London.

Chandizunguza mutu ndi sitima. Tidzachoka ku London kupita ku Leeds, kenako ku Glasgow, pomaliza kubwerera ku London kukakwera ndege. Za ku Glasgow ndi za amayi. Anenetsa kuti sangaponde dziko limenelo osakaona Blantyre wa ku Scotland, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813, ndipo ine sindikufuna kuwamana, chifukwa pa msinkhu wawowu ulendo wotere sudzabweranso.

Bambo akuti tigule BritRail Pass, ija amagulitsa kwa alendo osakhala m'dzikomo. Umalipira kamodzi, masiku amene wasankhawo umangokwera sitima iliyonse. Akutinso wamkulu aliyense akagula, mwana mmodzi wa zaka 5 mpaka 15 amakwera naye ulere, ndiye kuti ana athu onse awiri salipira. Mng'ono wanga akukana. Akuti pa maulendo ochepa chonchi pass ndi kutaya ndalama, tigule matikiti otchedwa Advance amene amatuluka pafupifupi masabata 12 tsikulo lisanafike, chifukwa ukafulumira amatsika mtengo kwambiri.

Koma viza sinatuluke. Matikiti a Advance akuti sabweza ndalama, ndipo amakumangirira pa sitima imodzi, ola limodzi. Ndalama zakunja mmene zikuvutiramu, ndigule matikiti a anthu asanu kenako viza ya mmodzi ikanidwe? Chinanso, amayi bondo limawavuta. Kuchoka pakhomo kukafika pamsewu wa M1 amapuma kawiri atatsamira ndodo. Munthu wotere sangathamangire sitima, ndipo ine sindikufuna kuwakoka dzanja pakati pa anthu achilendo ngati mwana. Inu mukanatani?

Mayi wina wa ku Manchester:
Achemwali, mng'ono wanu sakunama, koma pali chimene sanakuuzeni. Gulani Family & Friends Railcard, khadi yotsitsira mtengo wa matikiti a sitima. Ndi mapaundi 35 chaka chonse, ndipo mlendo amaloledwa kugula. Imatenga akuluakulu mpaka anayi ndi ana mpaka anayi. Wamkulu amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, mwana amamuchotsera 60 peresenti, bola pa ulendowo pakhale mwana wa zaka 5 mpaka 15. Ubwino wake mng'ono wanuyo akalowa momwemo monga wamkulu wachinayi, pomwe BritRail iye sangagule chifukwa amakhala konkuno. Imagwiranso pa matikiti a Advance. Zimene mungapulumutse pa ulendo wa ku Leeds wokha zikwanira kubweza ndalama ya khadiyo.

Bambo wina wa ku Dedza:
Mayi, ine ndili mbali ya amuna anu. Ndinayendapo ndi gogo. Pa masiteshoni akuluakulu ngati King's Cross amalemba nambala ya pulatifomu patatsala mphindi zochepa, anthu onse n'kuyamba kuyenda ndawala nthawi imodzi. Inu muli ndi zikwama, ana, ndi mayi wa ndodo. Mukakhala ndi pass, sitima ikakusiyani mumangodikira ina mtima uli m'malo. Mtendere umenewo nawonso uli ndi mtengo wake.

Mayi wa ku Manchester uja:
Bambo, zimenezo n'zoona, koma pali thandizo laulere lotchedwa Passenger Assist. Mukalembetsa pasadakhale, wogwira ntchito pasiteshoni amawachingamira agogo n'kuwakweza, ngakhale pa njinga ya olumala ngati akufuna. Chimene ndikuletsa ine n'chimodzi: musagule Advance ya tsiku limene mukutera. Sitima ikachedwa n'kukuphonyetsani inzake, amakulolani kukwera yotsatira, koma ndege ikachedwa kapena mzere wa zitupa pa Heathrow ukatalika, tikitiyo yapita. Tsiku limenelo gonani ku London, kapena gulani Off-Peak imene siimanga munthu pa sitima imodzi.

Wina wa ku London:
Musaiwalenso kuti BritRail sigwira pa sitima zapansi za mu London. Kuchoka pa Heathrow, sitima yapansi ya Piccadilly line imakafika mpaka pa King's Cross osasintha, ndipo sitima za ku Leeds zimanyamukira pomwepo, ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa. Wa zaka 7 uja pansipo sakalipira, ana osafika zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Za Passenger Assist ndawauza amayi, nkhope yawo yamasuka. Mmene ndaonera, sindigula chilichonse viza isanatuluke. Ikatuluka nthawi ikadalipo, titenga railcard ndi matikiti a Advance, kupatula tsiku lofika. Ikachedwa mpaka matikiti otchipawo atha, pamenepo bambo apambana, tiwerengera za pass. Latsala funso limodzi kwa achemwali a ku Manchester: railcard ija ikhale m'dzina la ndani? Mng'ono wanga ndiye adzalipire ndi khadi yake ya kubanki konko, koma ulendo woyamba wochoka ku London sadzakhala nafe.

Mayi wa ku Manchester uja:
Imalembedwa mayina a akuluakulu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo akakhalapo pa ulendo basi zatheka. Lembani lanu ndi la mng'ono wanu. Iye alipire kuno, akutumizireni nambala yoikira khadiyo mufoni mwanu musananyamuke ku Lilongwe.