Kodi "madzi saiwala khwawa" ndi mwambi wa zibwenzi?

Mlendo wa ku Rosettenville:
Akuluakulu, tandithandizani. Mu takisi yochokera ku Bree, muno mu Johannesburg, anyamata amaseka mnzawo amene wabwererana ndi chibwenzi chake chakale, amvekere "madzi saiwala khwawa, amwene!" Kodi makolo ankanenadi za zimenezi?

Mbewe, Mayfair:
Achimwene, yambani mwaliona khwawalo. Khwawa si mtsinje. M'chilimwe limauma gwa, mbuzi n'kumadya momwemo, koma mvula ikangogwa madzi amalondola njira yawo yakale. Agogo a ku Dedza ndi ku Ntcheu ankaunena mwambiwu pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi kuchoka ku Mozambique. Ambiri a ku Angónia, dera la Mozambique loyandikana ndi Dedza ndi Ntcheu, sanapite kukampu, anangowoloka msewu wa m'malire n'kukafikira kwa abale, poti chilankhulo ndi mfunda n'zimodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anayamba kubwerera kumabwinja awo. Mwambiwu ndi wa chiyembekezo: wothawa adzabwerera kwawo.

Nachisale, Turffontein:
Pepani bambo Mbewe, mwaukometsera. Agogo aakazi ankaunena moopseza, mwana akafuna kumanga nyumba pamalo otsika. Mwaiwala za namondwe wa Freddy, Malichi 2023, mmene madzi anatsikira m'phiri la Soche kulowa ku Chilobwe? Ankaunenanso kwa munthu amene walumbira kuti wasiya kachasu. Ndi chenjezo basi.

Mbewe, Mayfair:
Mayi, chenjezo lilipo, koma taonani zimene ankachita othawawo. Asananyamuke ankatenga mbewu ya chimanga youma bwino, kuisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asaboole, kuthira mumtsuko, kuvundikira ndi phale, kumata dothi m'mbali, n'kukwirira pamalo okwera, makamaka pafupi ndi chulu kapena mtengo woti adzaukumbukire. Ukakwirira yosaumitsitsa imachita nkhungu. Ukamata mosasamala chiswe chimalowa. Ndipo ikakhalitsa zaka zambiri imamera mwa apo ndi apo. Munthu wokwirira mbewu chonchi ndiye kuti akudziwa kuti adzabweranso. Khwawa lake ndi limenelo.

Amalume a ku Yeoville:
Nonse mukunena zoona, koma anyamata a mu takisi aja musawanyoze kwambiri. Nkhondo inamwaza mabanja, mwamuna ku Tete, mkazi kukampu ya Mankhokwe ku Nsanje. Ankafufuzana kudzera ku Red Cross. Kalata yake imakhala yosamata, ya nkhani za m'banja zokha, osatchula za asilikali. Pofufuza munthu amafuna dzina lonse, mayina a makolo ake, mudzi, mfumu, ndi malo amene munaonana komaliza. Povuta panali pa mayina. Mayi amene mudzi wonse umamudziwa kuti Naphiri, papepala analembedwa dzina la ubatizo, kalembedwe kakenso ka Chipwitikizi. A Naphiri ndi angati kukampu imodzi? N'chifukwa chake dzina la mfumu limathandiza kuposa mfunda.

Akapezana nkhani sinkathera pomwepo. Ena ankapeza mkazi atakwatiwa kwina, maliro a mwamunayo atalira kale. Apa ankhoswe a mbali zonse ankakhala pansi. Kwa Achewa a chikamwini ana amatsata kwa mayi, pomwe kwa Asena, amene amapereka malowolo, nkhani ya ana imapendekera kuchimuna. Mkazi akasankha kubwerera kwa mwamuna woyamba, agogo ankangopukusa mutu n'kunena mwambi womwewu.

Mbewe, Mayfair:
Ndiye mwandivomereza, amalume. Kubwerera kwanu kapena kubwerera kwa mnzako wa pamtima, konseko ndi kubwerera.

Nachisale, Turffontein:
Sanakuvomerezeni ayi. Nanga matchona a nthawi ya Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito ya m'migodi, amene anafera muno osapondanso kwawo? Madzi awo anasochera kuti?

Amalume a ku Yeoville:
Chondiwawa ine si tanthauzo. Ana a masiku ano mwambi amaudula pakati, n'kuuika pa WhatsApp ndi tizithunzi ta mitima. Moni wa akulu ndi "bho bho", "zikomo" anasanduka "shapu". Obadwira kuno ndiye khwawa sanalionepo, amangodziwa ngalande za simenti.

Mlendo wa ku Rosettenville:
Amalume, musakwiye. Mmodzi mwa anyamata aja ndikuganiza ananena kuti "khwapa".

Mbewe, Mayfair:
Khwapa kapena khwawa, ine ndikadali pa mtsuko wa mbewu uja.