Kufufuza mbiri ya mayi wamba wa ku Australia

Funso: Mayi wobadwira ku New South Wales cha m'ma 1900, mbiri yake tingayambire pati?

Yankho 1: Yambirani pa satifiketi ya imfa, muzibwerera m'mbuyo. Ku New South Wales kalembera wa boma wa kubadwa, maukwati ndi imfa anayamba mu 1856. Aliyense angaitanitse ya kubadwa pakadutsa zaka 100, ya ukwati 50, ya imfa 30. Koma samalani, ya imfa nthawi zina imalakwitsa mayina a makolo, poti wouza mlembi amakhala wachibale amene mutu suli m'malo ndi maliro.

Yankho 2: Chovuta kwambiri ndi dzina. Akakwatiwa, nyuzipepala zinkamutchula ndi dzina la mwamuna wake. Pa Trove, tsamba la pa intaneti losunga nyuzipepala zakale za ku Australia, sakani dzina la bamboyo pamodzi ndi tauni.

Yankho 3: Onaninso kaundula wa ovota. Amayi analoledwa kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1902, kupatula ambiri a mtundu wa Aboriginal.