Masipoko akuduka ndikanyamula katundu, ndithandizeni ndisanapite ku Nyika

Moni nonse abale ndi alongo okonda kupalasa njinga. Ndili ku Kasungu ndipo ndikukonzekera ulendo wa panjinga mu Julayi, kudzera ku Jenda, Chikangawa, Mzuzu ndi Rumphi, kenako kulowa m'nkhalango ya Nyika pa geti la Thazima mpaka ku Chelinda. Vuto langa ndi lakuti masipoko a tayala lakumbuyo amaduka ndikangomanga katundu pa kaliyala.

Njingayi ndi yamagiya 21, matayala ake ndi a saizi 26, ndipo katundu wanga, kuphatikiza tenti, madzi, ufa ndi mabulangete awiri chifukwa kumeneko kumazizira mpaka chisanu kugwa usiku, akulemera makilogalamu 25. Okonza njinga kumsika anasintha masipoko onse n'kuwongola limu, koma nditayesa msewu wafumbi wopita ku Lifupa, atatu anadukanso pafupi ndi habu, mbali ya magiya, tayala n'kuyamba kukhuza mabuleki. Ndinachepetsako katundu, komabe sizinathandize.

Kodi cholakwika ndi limu, habu, kapena kamangidwe ka masipoko? Nanga amene munadutsako, kodi kupitirira Rumphi kuli malo odalirika ogulirako zipangizo za njinga?